Njanji Yomwe Inadya Nkhalango Yake

Munthu akafika mumzinda wa Livingstone ku Zambia, njanji zimene amazimva msanga ndi ziwiri. Ina ndi yolowera kumpoto, yopita ku Lusaka mpaka kumigodi ya kopa. Inayo ndi yowoloka mtsinje wa Zambezi pa mlatho wotchuka uja wa pa mathithi a Victoria, womwe unatsegulidwa mu 1905. Koma ilipo yachitatu, imene ambiri amangoidumpha pa galimoto osafunsa komwe ikulowera. Imatuluka m'tauni n'kulunjika kumadzulo, kenako n'kukhotera chakumpoto, n'kumadutsa m'tchire ndi mumchenga mtunda wa makilomita oposa 160, mpaka kukathera pa katauni ka Mulobezi, m'chigawo cha Kumadzulo, kwawo kwa Alozi.

Kanjanji kameneka kali ndi abwenzi kutali. Ku Britain kuli madoda amene sanapondepo dothi la Zambia, koma manambala a injini za ku Mulobezi amawatchula pamtima ngati mayina a ana awo. Amasunga zithunzi, amalemba m'magazini awo, amakangana za chaka chimene injini yakutiyakuti inapuma. Chikondi chotere ine chimandigwira mtima, komanso chimandisiya ndi funso: anthu akamati akukumbuka njanji, kwenikweni amakhala akukumbuka chiyani?

Chimene chinabala njanjiyi ndi mtengo. Alozi amautcha mukusi. Umamera mumchenga wakuya wa m'dera la Kalahari, thabwa lake ndi lofiirira, lolemera, lolimba moti chiswe chimalilephera. Atsamunda atayamba kuyala njanji m'chigawo chino cha Africa, ankafuna mitanda yambirimbiri yogoneka pansi pa zitsulo, ndipo mukusi unali mtengo woyenera ntchitoyo. Migodi inkaufuna, omanga nyumba ankaufunanso pa mafelemu a zitseko ndi timatabwa toyala pansi m'nyumba za mabwana. Kampani ya Zambezi Sawmills, yomwe inayamba m'zaka za m'ma 1910, ndiyo inagwira msika umenewu. Poyamba ng'ombe zinkakoka zipika kukafika kumtsinje, mabwato n'kuzitsitsa mpaka pafupi ndi Livingstone, ndipo kuchokera pamenepo ngolo zinkayenda pa njanji zamatabwa kukafika kumacheka. Mitengo ya m'mbali mwa mtsinje itatha, maso anatembenukira ku nkhalango zazikulu za ku Mulobezi, ndipo m'zaka za m'ma 1920 ntchito yoyala njanji yachitsulo inayamba.

Njanji yodula mitengo imakhala ngati mbuzi yomangirira pachikhomo: ikamaliza udzu umene chingwe chikufika, mwini wake amaonjezera chingwe. Nkhalango ya pafupi ikatha, antchito ankazula zitsulo za nthambi imeneyo n'kukaziyala kwina kumene mitengo idakali chiimire. Motero njanji inapitirira Mulobezi mpaka kukafika ku Kataba, ndipo pa nthawi ina anthu ankaitchula kuti ndiyo njanji yaitali kwambiri padziko lonse pakati pa njanji zomwe mwini wake si boma. Komabe inali njanji yaumphawi kuyambira pachiyambi. Zitsulo zake zinali zogwiritsidwapo kale ntchito, zochokera ku njanji zakale za ku South Africa. Mabogi nawo anali otha kale ntchito kwina. Injini zambiri zinali zija zinapangidwa ku Glasgow m'zaka za m'ma 1890 kuti zikagwire ntchito ku Cape, ndipo eni ake oyamba atatopa nazo, zinapeza ukalamba wake mumchenga wa Bulozi.

Injinizi sizinkadya malasha. Zinkayendera zidutswa za mukusi zotsala kumacheka. Taganizirani ntchito ya wosonkhezera moto m'mwezi wa Okutobala, dzuwa lili pamutu, iye ataima pakamwa pa ng'anjo, akuponyamo chipika ndi chipika, pakuti nkhuni zimanyeka msanga kuposa malasha ndipo nthunzi ikatsika sitima imaima. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Katundu wa m'mabogi anali mukusi. Mitanda imene sitima inkapondapo inali mukusi. Moto woiyendetsa unalinso mukusi. Njanjiyi inkadya nkhalango katatu pa ulendo umodzi.

Ndipo mukusi suthamanga kukula. Mtengo woti n'kuchekapo thabwa labwino umatenga zaka zoposa moyo wa munthu mmodzi. Pansi pa mitengo ikuluikulu pamakhala ziyangoyango zimene Alozi amati mutemwa. Mitengo yaikulu ikagwetsedwa, dzuwa limalowa, ziyangoyango zimawirira, ndipo m'chilimwe moto ukabuka umakhala waukali kwambiri, n'kupsereza timitengo tomwe tikanalowa m'malo mwa makolo ake. Odula ankayenda mofulumira kuposa mmene nkhalango ikanadzibwezera. Imfa ya njanjiyi inalembedwa tsiku lomwe chitsulo choyamba chinayalidwa, kungoti masamu ake anatenga zaka pafupifupi 50 kuti aoneke.

Zambia inalandira ufulu mu 1964. Mu 1968 Pulezidenti Kenneth Kaunda analengeza ku Mulungushi kuti boma litenga gawo lalikulu m'makampani ambiri, ndipo ya matabwayi inali m'gulumo. Koyambirira kwa zaka za m'ma 1970 njanjiyo inaperekedwa m'manja mwa Zambia Railways. Injini za nthunzi zinapuma, gawo la kumtunda kwa Mulobezi linasiyidwa, ndipo chomwe chinatsala ndi sitima yonyamula anthu ndi katundu pamodzi, yokokedwa ndi injini ya dizilo pa zitsulo zomwe zinali zokalamba kale agogo athu ali anyamata.

Njanji yaing'ono siifa tsiku limodzi. Chimayamba ndi mtanda umodzi kuwola kapena kung'aluka. Misomali yogwira chitsulo imalekerera. Zitsulo ziwiri zija, zomwe ziyenera kutalikirana mamilimita 1,067 osaposa osachepera, zimayamba kutalikirana mopitirira pang'onopang'ono, mpaka tsiku lina gudumu limagwera pakati. Akuluakulu amalamula kuti pamalo amenewo sitima iziyenda pang'ono. Malo otere akachuluka, ulendo wa maola ochepa umasanduka wa tsiku lathunthu, kenako wa masiku awiri. Wamalonda amene ali ndi ndalama amasamukira ku lole. Ndalama za matikiti ndi za katundu zimachepa, ndipo zogulira mitanda yatsopano zimasowa. Chaka chotsatira mitanda ina imawola. Palibe amene amasaina kalata yoti njanji yafa. Imangopita ikuchepa mphamvu mpaka anthu amazolowera kuiona ili choncho. Sitima ya ku Mulobezi inafika pomayenda kamodzi pa sabata, pa liwiro loti munthu wa njinga akhoza kuipitirira, ndipo okwera ankanyamuka ndi kamba wa masiku, osadziwa kuti akafika liti.

Pamene njanjiyi inkayamba kufooka, m'pamenenso alendo anaizindikira. Mu Ogasiti 1968 njanji za boma ku Britain zinasiya kuyendetsa sitima za nthunzi. Anthu amene anakula akumva fungo la utsi ndi mafuta otentha anasowa mtengo wogwira, ndipo ena anayamba kuyendayenda m'mayiko kufunafuna kumene nthunzi idakali moyo. Ku Mulobezi anapeza chinthu chomwe sankachiyembekezera: injini za m'nthawi ya Mfumukazi Victoria zikugwirabe ntchito tsiku ndi tsiku, osati zachionetsero. Mmodzi mwa iwo anali David Shepherd, katswiri wojambula njovu ndi sitima, amene anali atagula kale injini ziwiri kwawo kuti zisaphwanyidwe. Pakati pa zaka za m'ma 1970 iye anapanga kanema ndi a BBC wotchedwa Last Train to Mulobezi, ndipo Kaunda anam'patsa injini imodzi ndi bogi. Injiniyo, nambala 993, yopangidwa ku Glasgow mu 1896, inawolokanso nyanja kubwerera ku Britain. Lero ili m'nyumba yosungiramo sitima zakale ku Shildon, kumpoto kwa England, tauni yomwe sitima yoyamba ya njanji ya Stockton ndi Darlington inanyamukira mu 1825. Ili pansi pa denga, mvula siigwera, ana a sukulu amaizungulira.

Zinzake zinatsala ku Livingstone, pamalo pomwe panali shedi ya injini za kampaniyo, ndipo malowo tsopano ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale za njanji. Nditapitako ndinapeza injini zili ndandanda pabwalo, zina zopakidwa penti, zina dzimbiri litadya mpaka kuboola. Ndinakwera pamalo a dalaivala. Ndi pothina kuposa mmene zimaonekera pazithunzi, zogwirira zake zinasalala ndi zikhatho za anthu, ndipo chitseko cha ng'anjo chili pafupi ndi mawondo moti munthu amamva kutentha kwake ngakhale moto unazima kalekale. Kunja kwa mpanda ndinacheza ndi mkulu wina wa imvi, amene anandiona ndikujambula nayamba yekha kundilankhula m'Chinyanja cha m'tauni. Anati paunyamata wake anagwirapo ntchito panjanjiyo.

"Munkayendetsa iti, bambo?" ndinafunsa, ndikuloza injinizo.

Anaseka. "Ine? Iyayi mwanawe. Ine ndinali wa m'njanji. Kukumba, kuchotsa mtanda wowola, kulowetsa wina, kukhoma. Inu nonse mukabwera mumajambula mutu wa sitima. Koma sitima siyenda ndi mutu, imayenda ndi mitanda."

Zimene anandisimbira sizinali za manambala a injini. Anakamba za kugona m'misasa kutali ndi mudzi, za phoso la ufa ndi mchere, za mchenga umene umalowa m'maso ndi m'nsima, za kulemera kwa mtanda wa mukusi paphewa. Anakambanso za tsiku la sitima pa masiteshoni a m'tchire, pamene amayi ankabwera ndi nsomba zouma ndi mkaka wosasa, achinyamata atatchena, makalata akutsitsidwa, odwala akukwezedwa kupita kuchipatala m'tauni. Kwa iye njanji inali malipiro, msika ndi njira. Palibe pomwe ananena kuti inali yokongola.

Sindikufuna kunyoza okonda sitima zakale. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo pankhani iyi n'zoona. Pakanapanda anthu amenewa, injini zambiri zikanathera kwa ogula zitsulo, n'kusungunulidwa. Kwawoko anaonetsa kuti chikondi chawo si cha pakamwa pokha. Ku Wales, kanjanji ka Talyllyn, kamene kankanyamula miyala yofolerera nyumba, kanali pafupi kutsekedwa pamene Tom Rolt ndi anzake anakatenga mu 1951 n'kuyamba kukayendetsa mongodzipereka. Kanali koyamba padziko lonse kupulumutsidwa motero, ndipo kakuyendabe. Anthuwo ankabwera pa tchuthi n'kumasintha mitanda ndi manja awo, ntchito yomweyo imene mkulu uja ankaigwira. Ku Pennsylvania, m'dziko la America, njanji ya malasha ya East Broad Top inatsekedwa mu 1956 n'kugulidwa ndi Nick Kovalchick, wamalonda a zitsulo zakutha. Aliyense ankayembekezera kuti aiphwanya, koma iye anaisiya ili yonse, ndipo mu 1960 gawo lina linayambanso kunyamula alendo.

Koma pali kusiyana kumodzi kumene sindingakulumphe. Njanji za ku Wales ndi ku Pennsylvania zinkafa anthu ake ali ndi misewu yabwino, mabasi ndi magalimoto. Palibe amene analephera kukafika kuchipatala chifukwa choti sitima ya Talyllyn yachedwa. Kumeneko njanji ikanatha kusanduka chosangalatsa popanda wina kulira. Ku Mulobezi ndi m'midzi ya m'mbali mwa njanjiyo nkhani ndi ina. Misewu ya kumeneko ndi yamchenga, ndipo m'dzinja madambo amadzaza. Chuma cha anthu ndi ng'ombe, ndipo msika wake uli kutali. Munthu amene wakweza ng'ombe zake m'bogi, sitima n'kugwa m'tchire, amaona ziweto zake zikuwonda ndi ludzu mtengo wake ukutsika ola ndi ola. Kuchedwa kumene mlendo wa kamera amakusimba mosangalala akabwerera kwawo, kwa mwini dera ndi ndalama zotayika, mwinanso maliro ophonya.

Makilomita oyambirira a njanji yomweyi anapeza moyo wina. Sitima yotchedwa Royal Livingstone Express, yokokedwa ndi injini ya nthunzi yokonzedwanso bwino, inayamba kutenga alendo madzulo kudutsa m'nkhalango yosungirako nyama ya Mosi-oa-Tunya, iwo akudya chakudya chapamwamba m'mabogi owala ndi polishi. Ndi malonda abwino. Amalemba anthu ntchito, amasunga luso lokonza injini za nthunzi lomwe likanafa ndi eni ake. Komabe n'zochititsa kulingalira kuti pa zitsulo zomwezo, kutsogolo pang'ono, mayi wa thumba la chimanga ankagona pa benchi usiku wachiwiri asanafike kwawo. Mitanda yakale nayo inapeza msika. M'masitolo a mipando m'mizinda ya kum'mwera kwa Africa mumapezeka matebulo olemera opangidwa ndi mitanda ya njanji, mabowo a misomali akuonekera dala, ming'alu itapakidwa vanishi. Ogula amakonda zipsera zimenezo. Mukusi womwe unadulidwa kuti unyamule mukusi unzake tsopano ukunyamula mbale ndi matambula.

Ife a ku Malawi tisaone ngati izi n'za anzathu okha. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pa Chichiri mu Blantyre pali kainjini kakale ka nthunzi kamene ana a sukulu amajambulitsapo, ndipo ndi bwino kuti kanasungidwa. Koma madzi osefukira atadula njanji pa Chiromo mu 1997, anthu a m'chigwa cha Shire anakhala zaka ndi zaka akuyang'ana zitsulo zikumera udzu, ndipo amene ankagulitsa malonda pa masiteshoni anafunafuna pena podyera. Injini imodzi ndi yosavuta kuisunga: imafuna denga ndi penti basi. Njira ya anthu imafuna mitanda masauzande, miyala, milatho, malipiro a anthu okhoma, chaka ndi chaka, ndipo palibe amene amabwera kudzajambula zimenezo.

Kodi ndiye kuti njanji iliyonse yakale iyenera kudzutsidwa? Sindikuganiza choncho. Njanji imakhala ndi moyo ngati ili ndi katundu wolemera woyenda nthawi zonse, ndipo katundu amene anabala ya ku Mulobezi anatha. Ng'ombe ndi matumba a chimanga pazokha sizingalipire makilomita 160 a zitsulo zatsopano. Ngati boma liisunga, liisunge podziwa kuti likulipirira anthu ake njira, monga limalipirira sukulu kapena chipatala. Ngati silingathe, liwapatse msewu wodutsika chaka chonse njanjiyo isanagoneretu. Choipa ndi kusiya anthu pakatikati, sitima ilipo koma yosadalirika, msewu ukulonjezedwa koma wosaoneka. Mlatho wa Kazungula, womwe unatsegulidwa mu 2021 kulumikiza Zambia ndi Botswana, unamangidwa ndi njanji pakati pake kudikira tsiku lomwe idzalumikizidwe mbali zonse ziwiri. Zikusonyeza kuti m'dera limeneli nkhani ya njanji sinathe. Funso ndi lakuti, zitsulo zatsopano zikadzayalidwa, zidzaganizira anthu a m'midzi kapena zidzangodutsa ndi katundu wa kunja, monga zinachitira zoyamba zija.

Chimene ndaphunzira polingalira za kanjanji aka n'chakuti chikumbutso chimatsata amene ali ndi kamera, nthawi ndi ndalama. N'chifukwa chake tikudziwa chaka chimene injini 993 inapangidwa, fakitale yake ndi maulendo ake onse, pamene mayina a anthu amene anagwetsa mitengo, kusenza mitanda ndi kusonkhezera moto anakwiririka mumchenga. Mlandu si wa okonda injini. Iwo anasunga chimene anachikonda. Mbali yotsalayo ndi yathu. Nkhalango za mukusi zimene zatsala zikufunika kutetezedwa ku moto ndi ku macheka a masiku ano, pakuti popanda izo nkhani ya njanjiyi ilibe mutu. Ndipo anthu amene anagwira ntchito pa njanji zathu, ku Mulobezi, ku Limbe, ku Salima, ku Moatize, akutha mmodzimmodzi.

Ngati kwanu kuli gogo amene anagwirapo ntchito panjanji, musadikire mlendo kuti adzamufunse. Pitani mukakhale naye pakhonde, mutsegule foni yanu, mum'funse za malipiro ake, za anzake, za masiteshoni amene lero kulibe, ndipo zimene anene muzilembe m'chinenero chimene wazinenera. Injini ili ku Shildon ikhoza kudikira zaka zina 100. Gogo wanuyo sangadikire.